Sukulu ya M'chipululu ku America

Ambiri a ife tikamva mawu akuti sukulu timaganiza za nyumba ya njerwa, bolodi, choko ndi belu. Koma kudziko la America, m'zigawo za Utah ndi Arizona, kuli sukulu zina zopanda denga kapena khoma. Kumeneko kumapita anyamata ndi asungwana amene akanika makolo awo: ena othawa sukulu, ena ogwidwa ndi mowa ndi chamba, ndipo ena ongokhala ndi mtima wolemedwa, osafuna kulankhula ndi munthu.

Chiyambi chake chinali chotere. Mu 1968 Bambo Larry Dean Olsen, amene anali kuphunzitsa pa Brigham Young University, anatenga ophunzira amene anali pafupi kuchotsedwa chifukwa cha kulephera mayeso, napita nawo kuchipululu pafupifupi mwezi wathunthu. Atabwerako ambiri a iwo anayamba kukhoza m'kalasi. Mmodzi mwa ophunzirawo anali Ezekiel Sanchez, ndipo mu 1988 awiriwa anayambitsa bungwe la Anasazi Foundation ku Arizona.

Dzikolo ndi la mapiri a miyala yofiira ndi zigwa zakuya, ndipo mvula imagwa pang'ono. Usana dzuwa limaswa mtengo, koma usiku kumazizira koopsa, pakuti mpweya wouma susunga kutentha. Ana amagawidwa m'magulu aang'ono, gulu lililonse ndi alangizi ake, ndipo amakhala kumeneko masabata asanu ndi awiri kapena kupitirira. Lamya ya m'manja amaisiya. Tsiku ndi tsiku amayenda pansi atasenza katundu wawo, kufuna malo a madzi, ndipo madzulo aliyense amadziphikira yekha ufa, mpunga kapena nyemba.

Chimene chinandikondweretsa koposa ndi nkhani ya moto. M'sukulu zambiri zotere machesi kulibe, kotero kuti mwana ayenera kuphunzira kupeka moto ndi timitengo tiwiri, monga anali kuchitira makolo athu akale. Iwo amakulunga chingwe cha kauta pa kamtengo kopekerako kuti kazungulire msanga. Taganizani, anzanga, mnyamata amene kwawo anazolowera kukalipa ndi kumenyetsa chitseko akafuna kanthu. Kamtengo angakakalipire bwanji? Akapsa mtima n'kukataya, ndiye kuti adya zozizira. Akafatsa, utsi umayamba kufuka, ndipo palibe mphunzitsi amene wamukwapula kapena kumulalikira. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse ya sukuluzi. Kamodzi pa sabata kumabwera mlangizi wophunzira za maganizo a munthu, atatenga makalata ochokera kwa makolo, ndipo ku Anasazi makolowo amadza kudzagona kuthengo ndi mwana wawo masiku otsiriza.

Tsono tisaganize kuti zonse ndi zokoma. Anthu ena ataona kuti makolo osowa mtengo wogwira amalipira madola mazanamazana pa tsiku, anatsegula misasa yawo ndi alangizi osadziwa ntchito. Ana ena amatengedwa usiku pakama ndi anthu achilendo olembedwa ganyu ndi makolo awo omwe. Mu 1990 asungwana awiri anafa m'misasa iwiri yosiyana, wina ndi ludzu, wina ndi kutentha kwa dzuwa. Mu 1994 mnyamata wa zaka 16 anafa ku Utah ndi chilonda cha m'mimba, alangizi ake akunena kuti akungonamizira kudwala. Ine ndiona kuti choopsa chachikulu ndi chimenechi: mwana amene anamutcha kale wabodza, ngakhale adwaledi, palibe womukhulupirira, ndipo chipatala chili kutali.

Mu 2007 ofufuza a boma la America anapeza madandaulo zikwizikwi a nkhanza m'misasa ndi m'nyumba zosungira ana ovuta. Mu 2021 chigawo cha Utah chinakhwimitsa lamulo lake: akuluakulu a boma aziyendera malowa mosachenjeza, ndipo mwana aliyense aziloledwa kulankhula ndi abale ake sabata iliyonse.