Zinthu 11 Zodabwitsa Zokhudza Makatuni a pa Intaneti Oyenera Kuwerengedwa

Ambirife tikamva za makatuni timaganiza za kabokosi koseketsa ka m'nyuzipepala kapena mafilimu a ana a pa TV. Komatu pa intaneti pali nkhani zojambula zamitundumitundu: zandewu, zachikondi, zoopsa, zasayansi, za mbiri yakale, mpaka za moyo wa mu ofesi. Zambiri zimawerengedwa ulere pafoni. Chimene chimandikoka mtima n'chakuti zochuluka mwa izo zinayamba ndi munthu mmodzi, wopanda kampani kumbuyo kwake, wopanda womupatsa chilolezo, koma wokhala ndi nkhani yoti anene. Nazi zinthu 11 zochititsa chidwi, ndipo chilichonse chikulozerani nkhani yoti muyambe kuwerenga.

1. Nkhani yandewu yotchuka padziko lonse inayamba ndi zojambula zokhotakhota.
Mu 2009, munthu wina wa ku Japan wodzitcha ONE anayamba kuika pa tsamba lake nkhani yotchedwa *One-Punch Man*. Mizere yake inali yopindika, nkhope zosalongosoka, moti palibe kampani imene ikanazisindikiza momwe zinalili. Koma nkhaniyo inali ndi mutu wogwira mtima. Saitama, ngwazi ya dazi, ali ndi mphamvu zochuluka moti mdani aliyense amagwa ndi chibakera chimodzi, ndipo chomuvutitsa n'chakuti moyo sukumukomeranso chifukwa palibe chomutulutsa thukuta. Yusuke Murata, katswiri amene anajambula *Eyeshield 21*, anaikonda kwambiri mpaka anapempha kuti aijambulenso mwaluso. Ntchitoyo inayamba kutuluka mu 2012, ndipo mu 2015 situdiyo ya Madhouse inaisandutsa makatuni a pa TV. Muwerenge zonse ziwiri, yoyambirira ndi yokonzedwayo, muone kuti chimene chinakopa anthu poyamba ndi nkhani.

2. Pali makatuni amene zithunzi zake sizinasinthe chiyambire 2003.
Ryan North wa ku Canada anayamba *Dinosaur Comics* mu Febuluwale 2003. Mabokosi ndi asanu ndi limodzi, omwewo tsiku lililonse: T-Rex wobiriwira wadzutsa phazi kuti aponde kanyumba, kenako akukambirana ndi mnzake Utahraptor. Chimene chimasintha ndi mawu okha. Lero akutsutsana za chikondi, mawa za galamala, mkuja za imfa ndi nzeru za akatswiri akale. Luso lolemba limene anasula mwa njira imeneyi linamufikitsa ku Marvel, kumene analemba *The Unbeatable Squirrel Girl*.

3. Chithunzi chimodzi cha xkcd chinatenga miyezi inayi kuti chithe.
Mwini wake wa xkcd, Randall Munroe, amene anagwirapo ntchito ya maroboti ku NASA, amajambula anthu a timizere: kamutu kozungulira, manja ndi miyendo basi. Nthabwala zake ndi za masamu, sayansi, makompyuta ndi chikondi. Pa 25 Malichi 2013 anatulutsa chithunzi chotchedwa *Time*, cha anthu awiri atakhala pamchenga. Owerenga anadabwa kuona kuti pakapita kanthawi chithunzicho chikusintha chokha. Poyamba chinkasintha theka la ola lililonse, kenako ola lililonse, usana ndi usiku, mpaka zithunzi zinapitirira 3,000. Anthu awiri aja anamanga nyumba zamchenga, anaona kuti nyanja ikukwera, ndipo ananyamuka kukafufuza chifukwa chake. Owerenga ochokera m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana n'kumasanthula zomera, mapiri ndi malo a nyenyezi pa zithunzizo, mpaka zinadziwika kuti nkhaniyo ikuchitika zaka pafupifupi 11,000 m'tsogolo, m'chigwa cha nyanja ya Mediterranean itauma n'kuyamba kudzazanso. *Time* inapata mphoto ya Hugo mu 2014. Lero mumlengalenga muli mwala wotchedwa 4942 Munroe, dzina limene unapatsidwa polemekeza wojambulayu.

4. Wojambula wina anakwanitsa zaka 20 osajomba ngakhale tsiku limodzi.
*Schlock Mercenary* ndi nkhani ya gulu la asilikali aganyu oyenda pakati pa nyenyezi, yosakaniza nthabwala ndi ndale zankhondo. Howard Tayler anaiyamba pa 12 Juni 2000 n'kuimaliza mu Julayi 2020, ndipo tsiku lililonse pakatipo panatuluka gawo latsopano. Chinsinsi chake chinali kujambuliratu zigawo zambiri n'kusunga, ngati mlimi wodzaza nkhokwe dzinja lisanafike, kuti matenda kapena ulendo zisamudule. Mukayerekeza tsamba loyamba ndi lomaliza, mudzaona mmene dzanja la munthu limakhwimira akamagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

5. Mwana wa zaka zisanu analemba nkhani imene inafika pa TV.
Chakumapeto kwa 2009, Ethan Nicolle, wa zaka 29, ankasewera ndi mng'ono wake Malachai, wa zaka zisanu. Mwanayo anapeka wapolisi amene chida chake ndi nkhwangwa. Mkuluyo anayamba kujambula chilichonse chimene mng'ono wake wanena, osachiwongola, ndipo panabadwa *Axe Cop*. Mu 2013 kanema wa Fox anayamba kuonetsa makatuniwa.

6. Ku South Korea anasintha kapangidwe ka tsamba, ndipo nkhani zoopsa zinapeza mano atsopano.
Makampani a Daum ndi Naver atatsegula malo a makatuni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ojambula a ku Korea anasiya kuika mabokosi mopingasa ngati m'buku. Anayamba kuwandandalika motsetsereka, woti uzingokoka chala kupita pansi. Ndi chifukwa chake makatuni amenewa, otchedwa ma webtoon, amakwanira bwino pafoni. Wojambula amatha kusiya mpata wautali wopanda kanthu kuti mtima wa wowerenga uyambe kugunda asanaone chimene chili m'munsi. Mu 2011, wojambula wotchedwa Horang anapita patali ndi *Bongcheon-Dong Ghost*, nkhani ya mtsikana wasukulu wobwerera kunyumba usiku amene akumana ndi mayi woyenda modabwitsa, wofunsa za mwana wake. Pamalo ena tsambalo limathamanga lokha, zithunzi n'kuyamba kusuntha ndi phokoso loopsa. Anthu ambiri anadzijambula mavidiyo akudzidzimuka nayo. Amantha asaiwerenge okha usiku.

7. Nkhani ya mnyamata wa kontirakiti mu ofesi inagwedeza dziko lonse la Korea.
Mu *Misaeng*, imene Yoon Tae-ho anayamba kutulutsa pa Daum mu 2012, mulibe mfuti kapena matsenga. Muli Jang Geu-rae, mnyamata amene anathera ubwana wake akuphunzira baduk, masewera a timiyala takuda ndi toyera pabolodi, koma analephera kukhala katswiri wolipidwa. Alowa m'kampani yamalonda alibe digiri, pakati pa anzake ochokera kumayunivesite apamwamba, ndipo funso lomutsata tsiku ndi tsiku ndi lakuti kodi adzalembedwa ntchito yokhazikika kapena kontirakiti ikatha abwerera kunyumba. Ogwira ntchito ambiri anadziona okha m'nkhaniyi, ndipo mu 2014 inasanduka sewero la pa TV lotchuka zedi. Aliyense amene anayendapo ndi envelopu ya makalata ofunsira ntchito adzaimva mumtima.

8. Ngwazi yachikazi yovala hijabu inabadwa ku Cairo m'manja mwa mtsikana wa zaka 18.
Deena Mohamed wa ku Egypt anayamba *Qahera* mu 2013 pa tsamba la Tumblr. Ngwazi yake imauluka pamwamba pa mzinda, imamva kulira kwa amayi ovutitsidwa mumsewu, ndipo imalimbana ndi amuna ozunza. Imayankhanso anthu akunja amene amaganiza kuti mayi wachisilamu alibe mawu akeake. Nkhaniyi imapezeka m'Chingerezi ndi m'Chiarabu. Chaka chomwecho ku Lagos, m'dziko la Nigeria, Jide Martin anakhazikitsa Comic Republic, imene inayamba kugawa ulere pa intaneti nkhani za ngwazi zachiafirika monga Guardian Prime. Africa nayenso ali m'bwaloli.

9. Nthano yakale ya Agiriki inapambana mphoto yaikulu zaka zitatu zotsatizana.
Rachel Smythe wa ku New Zealand anatenga nthano ya Hades ndi Persephone n'kuiika m'dziko la mafoni, magalimoto ndi maofesi. Mu *Lore Olympus* milungu imadziwika ndi mitundu yake: Hades ndi wabuluu, Persephone wapinki. Ndi nkhani yachikondi, koma imakambanso mosabisa za nkhanza ndi kuchira kwa mtima wovulala, choncho ndi ya akuluakulu. Inapata mphoto ya Eisner mu 2022, 2023 ndi 2024.

10. Wojambula nthabwala za mbiri yakale anabweza ngongole yasukulu m'migodi yamafuta.
Kate Beaton, wochokera pachilumba cha Cape Breton ku Canada, anaphunzira mbiri yakale kuyunivesite. Kuti abweze ngongole yasukulu, anakagwira ntchito zaka ziwiri m'misasa ya migodi yamafuta ku Alberta, kumene amayi anali ochepa kwambiri. M'zaka zomwezo anayamba kujambula nthabwala za Napoleon, mafumu ndi olemba mabuku akale, zimene zinadzatchedwa *Hark! A Vagrant*. Amakuseketsa, kenako umapezeka ukufufuza kuti munthu wajambulidwayo anali ndani. Za kumigodi anadzazilemba m'buku la *Ducks* la mu 2022, lolemera ndi chisoni ndi chifundo.

11. Owerenga anathandiza kulemba nkhani, kenako anasonkha mamiliyoni.
Andrew Hussie anayamba *Homestuck* pa 13 Epulo 2009 n'kuimaliza tsiku ngati lomwelo mu 2016. Kumayambiriro, owerenga ndi amene ankatumiza maganizo a chimene mnyamata John Egbert achite, wojambula n'kumasankhapo. Nkhani ya ana anayi osewera gemu ya pakompyuta inakula mpaka masamba oposa 8,000, okhala ndi nyimbo, zithunzi zoyenda ndi timagemu. Mmodzi mwa opeka nyimbo zake anali Toby Fox, amene anadzapanga gemu ya *Undertale* mu 2015. Mu 2012 owerenga anasonkha madola oposa 2.4 miliyoni pa tsamba la Kickstarter kuti pakhale gemu yochokera m'nkhaniyi. Chaka chomwecho, okonda *The Order of the Stick* ya Rich Burlew anasonkha madola oposa 1.2 miliyoni kuti mabuku ake asindikizidwenso, ngakhale kuti masamba ambiri ankawawerenga kale ulere. Anthu amalipira mosakakamizidwa chinthu chimene achikonda.

Ofuna kuseka ayambe ndi *Dinosaur Comics* kapena *Hark! A Vagrant*, okonda sayansi apite ku xkcd, ofuna nkhani yaitali yogwira mtima atsegule *Lore Olympus* kapena afunefune *Misaeng*. Ndipo kwa inu amene mumajambula kumapeto kwa kope kapena pakatoni, dziwani kuti ONE anayamba ndi dzanja losakhwima, Deena Mohamed anali ndi zaka 18, ndipo Ryan North sanafunike n'komwe kujambula chithunzi chatsopano. Pepala, pensulo ndi foni ya kamera n'zokwanira. Nkhani za pamsika, za m'minibasi, za kumudzi ndi za achibale athu a ku Johannesburg zikudikira wozijambula m'Chichewa, ndipo owerenga ali nawo kale mafoni m'manja. Jambulani tsamba loyamba sabata ino, lachiwiri sabata yamawa.