Ndalama za Anthu ndi Zida za Nkhondo: Phunziro Lochokera ku South Africa

Mau oyamba

Boma lililonse limagula katundu: mabuku a m'sukulu, mankhwala a m'zipatala, galimoto, ngakhalenso zida za nkhondo. Ndalama zogulira katunduyu si za Pulezidenti, si za nduna, ndiponso si za mkulu wa asilikali. Ndi za anthu wamba, chifukwa zimachokera ku misonkho imene munthu amapereka akagula sopo, shuga kapena palafini, komanso ku ngongole zimene ana athu adzabweze. Pa katundu yense amene boma limagula, zida za nkhondo ndizo zimadya ndalama zambiri nthawi imodzi, ndipo ndizonso zimagulidwa mobisa. Munthu akafunsa mtengo wake amayankhidwa kuti chimenecho ndi chinsinsi cha chitetezo cha dziko.

M'phunziro lino tiona zimene zidachitika ku South Africa pamene boma lidaganiza zogula sitima zankhondo zatsopano zoyenda pansi pa madzi, m'malo mwa zakale zimene zidali zitatha. Abale athu ambiri amagwira ntchito m'dziko limeneli, ndipo nawonso adasenza nawo ngongoleyo kudzera m'misonkho. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbiri ya asilikali a ku South Africa mwachidule

Kwa zaka zambiri anthu akuda a m'dzikolo ankatumikira pa nkhondo popanda kupatsidwa ulemu. Pa 21 February 1917, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, sitima yotchedwa Mendi idamira pafupi ndi England itagundidwa ndi sitima ina. Anthu oposa 600 adafa, ambiri mwa iwo akuda amene ankapita ku France kukagwira ntchito zamanja, poti sankaloledwa kugwira mfuti.

Nthawi ya ulamuliro wa tsankho, asilikali ankateteza boma la azungu, ndipo ankachita nkhondo ku Namibia ndi ku Angola. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dzikolo lidalandira kuchokera ku France sitima zitatu zoyenda pansi pa madzi za mtundu wa Daphné, ndipo zinkakhala pa doko la Simon's Town. M'chaka cha 1977 bungwe la United Nations lidaletsa maiko onse kugulitsa zida za nkhondo ku South Africa. Dziko la France lidakana kupereka sitima zina ziwiri zimene boma la tsankho lidaitanitsa. Choncho asilikali apamadzi adangokhalira kukonza zitatu zakale zija.

Pa 27 April 1994, tsiku la chisankho choyamba cha anthu onse, padakhazikitsidwa gulu latsopano la asilikali. M'gululi adaphatikiza asilikali a boma lakale, a Umkhonto we Sizwe a chipani cha ANC, a APLA a chipani cha PAC, ndi a m'zigawo za Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei. Anthu amene dzulo lake ankaomberana adayamba kuvala yunifolomu imodzi.

Kukhulupirirana sikudabwere msanga. M'chaka cha 1998 mkulu wa asilikali onse, General Georg Meiring, adapereka kwa Pulezidenti Nelson Mandela lipoti lonena kuti anthu ena, kuphatikizapo wachiwiri wake General Siphiwe Nyanda, ankakonza zolanda boma. A Mandela sadamange munthu. Adapereka lipotilo kwa oweruza milandu, motsogozedwa ndi Ismail Mahomed, ndipo iwo adapeza kuti lidalibe maziko. A Meiring adatula pansi udindo, ndipo a Nyanda adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera asilikali onse a dzikolo. Apa tikuona mfundo yoyamba ya demokalase: mkulu wa asilikali ali pansi pa boma losankhidwa ndi anthu, ndipo mau ake amayenera kufufuzidwa monga a munthu wina aliyense.

Sitima yoyenda pansi pa madzi imakalamba bwanji?

Sitima imeneyi ili ndi matanki m'mbali mwake. Akafuna kumira amalowetsa madzi m'matankimo, akafuna kuyandama amatulutsa madziwo ndi mphepo yamphamvu. Ikakhala pamwamba imayendera injini za dizilo zimene zimadzaza mabatire, ndipo ikamira imayendera mabatirewo mwakachetechete. Ntchito yake ndi kuzonda ndi kuopseza adani popanda kuoneka. Gombe la South Africa ndi lotalika pafupifupi makilomita 3,000, ndipo sitima zambiri zamalonda zimadutsa pamenepo.

Nthawi iliyonse sitimayi ikamira, madzi amaipanikiza mbali zonse. Zitsulo zimatopa, mchere wa m'nyanja umadya mapaipi, mabatire amafooka, ndipo pakapita zaka makampani amasiya kupanga zipangizo zosinthira. Galimoto yakale ikafa imaima m'mbali mwa mseu, koma sitima yotere ikafa ili pansi pa nyanja, anthu onse ali m'katimo amakhala pa ngozi. Pofika 1998 sitima za Daphné zidali zitagwira ntchito zaka zoposa 25. Yomaliza, yotchedwa Assegaai, idapumitsidwa m'chaka cha 2003. Motero pempho la asilikali apamadzi lidali ndi chifukwa chomveka. Vuto lidagona pa njira yogulira.

Mgwirizano wa 1999

M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo idavomereza ndondomeko yofotokoza zida zimene asilikali ankafuna. Mu December 1999 boma lidasainira mgwirizano wa ndalama pafupifupi R30 biliyoni. Lidagula sitima zitatu zoyenda pansi pa madzi za mtundu wa 209 ndi sitima zina zinayi zankhondo ku Germany, ndege za Hawk ku Britain, ndege za Gripen za ku Sweden, ndi mahelikopita ku Italy.

Anthu adafunsa kuti: kodi dziko lopanda mdani woliopseza, lodzaza ndi anthu osowa ntchito, nyumba ndi mankhwala, lingaononge bwanji ndalama zotere? Boma lidayankha kuti makampani ogulitsa zidazo adalonjeza kubweretsa malonda ndi mafakitale a ndalama zoposa R100 biliyoni, ndi kulemba ntchito anthu 65,000. Makampani a ku Germany ogulitsa sitima za pansi pa madzi adalonjeza fakitale yaikulu ya zitsulo ku Coega, pafupi ndi Port Elizabeth. Fakitaleyo sidamangidwe, ndipo ntchito zimene zidapezeka zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi lonjezo. Ndalama ya Rand itagwa mphamvu m'chaka cha 2001, ngongole idakwera chifukwa inkabwezedwa m'ndalama zakunja, ndipo idatenga zaka pafupifupi 20 kuti ithe.

Zaka zomwezo matenda a Edzi ankapulula anthu. Zidatengera khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, mu July 2002, kulamula boma kuti lipereke mankhwala a nevirapine kwa amayi oyembekezera m'zipatala zake. Ndalama imene yagula mfuti siingagulenso mankhwala.

Amene adafunsa mafunso

Mu September 1999 phungu wina, mayi Patricia de Lille, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi chikalata chonena kuti akuluakulu ena adalandira ziphuphu. M'chaka cha 2000 mkulu wofufuza za chuma cha boma adapeza kuti ndondomeko zina zogulira katundu sizidatsatidwe. Mwachitsanzo, posankha ndege za Hawk, nduna ya zachitetezo Joe Modise idauza akuluakulu kuti asayang'ane mtengo, chonsecho padali ndege ya ku Italy yotsika mtengo kwambiri imene akatswiri adaiika patsogolo.

Komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma idapempha kafukufuku wozama. Pulezidenti Thabo Mbeki adakana kuti nthambi yofufuza ya woweruza Willem Heath ikhale nawo. Andrew Feinstein, phungu wa ANC amene adalimbikira kufunsa mafunso, adachotsedwa pa utsogoleri wa aphungu a chipani chake m'komitimo, ndipo adatula pansi uphungu m'chaka cha 2001. Wapampando wa komitiyo, Gavin Woods, adatulanso pansi udindo chaka chotsatira. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma chipani cholamula chidaona anansi ameneŵa ngati adani.

Lipoti la ofufuza la November 2001 lidati boma silidalakwe, komabe lidavomereza kuti Chippy Shaik, mkulu woona zogula zida mu unduna wa zachitetezo, ankakhala nawo pa zokambirana zokhudza kampani imene mchimwene wake Schabir Shaik adali ndi gawo.

Milandu

M'chaka cha 2003 Tony Yengeni, amene adakhalapo wapampando wa komiti ya aphungu yoona zachitetezo, adavomera mlandu wachinyengo. Iye adagula galimoto ya Mercedes-Benz pa mtengo wotsitsidwa kwambiri kudzera ku kampani yokhudzidwa ndi malonda a zidawo, osaulula ku Nyumba ya Malamulo. Adagamulidwa zaka zinayi, koma adangokhala m'ndende miyezi inayi.

Mu June 2005 khoti la ku Durban lidapeza Schabir Shaik wolakwa pa milandu ya katangale ndi chinyengo, ndipo lidamupatsa zaka 15. Umodzi mwa milanduyo udali wopempha kampani ya ku France, Thomson-CSF, imene pambuyo pake idatchedwa Thales, kuti izipereka R500,000 pa chaka kwa wachiwiri kwa Pulezidenti, Jacob Zuma. Kampaniyi idali ndi gawo pa zida za m'sitima zinayi zija. Mwezi womwewo a Mbeki adachotsa a Zuma pa udindo. Milandu ya a Zuma idathetsedwa mu April 2009, mwezi umodzi asanakhale Pulezidenti, ndipo idabwezeretsedwa m'chaka cha 2018. Mu May 2021 iwo adakana milandu yonse pamaso pa khoti la ku Pietermaritzburg.

Atsogoleri a mipingo sadakhale chete. Arkiepiskopi Njongonkulu Ndungane wa mpingo wa Anglican adapempha kafukufuku kuyambira pachiyambi, ndipo m'chaka cha 2008 Desmond Tutu ndi F.W. de Klerk adapemphanso chimodzimodzi. Nzika ina, Terry Crawford-Browne, idatengera nkhaniyi ku khoti lalikulu, ndipo m'chaka cha 2011 a Zuma adakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Willie Seriti. M'chaka cha 2016 bungweli lidati silidapeze umboni wa katangale. Mabungwe a Corruption Watch ndi Right2Know sadakhutire. Mu August 2019 khoti la ku Pretoria lidataya zimene bungwelo lidapeza, ponena kuti silidafufuze mokwanira umboni umene lidapatsidwa.

Nanga sitima zija?

Sitima zitatu zatsopano zidafika pakati pa 2006 ndi 2008. Adazitcha maina a amayi otchuka m'mbiri ya dzikolo: Manthatisi, Charlotte Maxeke ndi Queen Modjadji. Iliyonse ndi yotalika mamita 62 ndipo imayendetsedwa ndi anthu pafupifupi 30. Imodzi mwa sitima zinayi zina zija adaitcha Mendi, pokumbukira amene adamira mu 1917.

Kugula ng'ombe ndi kwina, kuidyetsa ndi kwinanso. Ndalama zokonzera sitimazi ndi zophunzitsira oziyendetsa zidachepa m'zaka zotsatira, kotero kuti zina zidakhala pa doko nthawi yaitali kudikira kukonzedwa. Mu September 2023 asilikali atatu a m'sitima ya Manthatisi adafa atakokoloka ndi mafunde pafupi ndi Kommetjie ali pa maphunziro. Msilikali wamba ndiye amaika moyo wake pa chiswe, pamene mgwirizano adasainira ndi ena m'maofesi.

Tiphunzirepo chiyani?

Poyamba, chinsinsi cha chitetezo chili ndi malire. Kumene sitima ikupita usiku kungakhale chinsinsi, koma mtengo wake, kampani yoigulitsa ndi njira imene kampaniyo idasankhidwira, anthu ali ndi ufulu wodziwa kudzera mwa aphungu awo.

Kachiwiri, mtengo wa chinthu suthera pa tsiku logula. Tiyenera kufunsa za chiwongoladzanja cha ngongole, za ndalama zokonzera, ndiponso za ntchito zina zimene zidzaime chifukwa cha kugulako.

Kachitatu, lonjezo la ntchito ndi mafakitale lisatitseke m'maso. Tifunse kuti lalembedwa pati, ndani adzalondoloze, ndipo wolephera kukwaniritsa adzalandira chilango chanji.

Kachinayi, munthu amene m'bale wake ali ndi gawo m'kampani yofuna kugulitsa katundu ku boma asakhale nawo posankha. Mphatso kwa phungu kapena nduna iyenera kuululidwa poyera.

Kachisanu, phungu ndi wa anthu asanakhale wa chipani. Phungu wofunsa mafunso ovuta amafunika chithandizo cha anthu amene adamusankha, chifukwa akakhala yekha amagonjetsedwa mosavuta.

Pomaliza, kukhazikitsa bungwe lofufuza sikutanthauza kuti choona chadziwika. Ku South Africa zidatengera atolankhani, makhoti oima paokha, mabungwe ndi nzika zosatopa kwa zaka 20 kuti nkhaniyi isakwiriridwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi zinthu ziti zokhudza asilikali zimene ziyenera kukhala zachinsinsi, nanga ndi ziti zimene anthu ayenera kudziwa?

2. Mukadakhala phungu wa chipani cholamula m'chaka cha 2001, mukadachita chiyani atakuuzani kuti musiye kufunsa mafunso?

3. Ndani adapindula ndi mgwirizano wa 1999, nanga ndani adalipira?

4. M'dera lanu, komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya chitukuko ikamagula katundu, ndani amaona malisiti? Kodi wogulitsa amasankhidwa bwanji?

5. Phungu wanu akadzabwera kudzachititsa msonkhano, ndi funso liti limodzi lokhudza ndalama za boma limene gulu lanu lidzamufunse? Lilembeni lero, ndipo musankhe munthu wodzafunsa.