Chimanga cha pa Chonde chikamayaka masana

Mu Okutobala, ng'oma za Mulhako wa Alhomwe zikamalira pa Chonde, minda yozungulira imakhala ili mbee, fumbi lokhalokha. Nandolo anathyoledwa kale, mbuzi zikungotola zinyalala, ndipo phiri la Mulanje labisala mu utsi.

Ndiye bwereraniko mu Januwale, mudzachita kufunsa njira! Chimanga chafika m'chiuno, feteleza wobereketsa walowa, masamba amene anayamba chikasu tsopano ali biriwiri, maungu akuyanga m'mizere mopanda ulemu. Ndipo munda wonsewo ukuyaka, ngakhale diso la munthu silingaone.

Woyatsa wake ndi chlorophyll, kanthu kobiriwitsa tsamba. Molekyu imodzi ya chlorophyll a ili ndi maatomu 55 a kaboni, 4 a nayitrojeni, ndi imodzi ya magineziyamu pakatikati. Nayitrojeniyo ndi yemwe uja mlimi amasenza m'thumba la yuriya, n'chifukwa chake chimanga chosathira chimayezuka.

Dzuwa likawomba tsamba, mphamvu ina imapita kophika chakudya cha mbewu, ina imasanduka kutentha. Kotsalako, kosapitirira magawo awiri pa 100 alionse, tsamba limakabweza ngati kuwala: kwina kofiira kwambiri pa mananomita (muyeso wa utali wa funde la kuwala) 685, kwina pa 740, kumene maso athu amayamba kugonja.

Koma kumwambaku kuli akazitape. Setilaiti ya OCO-2 ya bungwe la NASA inakwera mu 2014, ndipo Sentinel-5P ya ku Ulaya, imene imadutsa tsiku lililonse dzuwa litangopendeka, inatsatira mu 2017. Zida za masetilaitiwa zimatola kuwala kobisikaku. Sizingaloze munda wa uje, zimaona dera la makilomita angapo pakamodzi, komabe zimasiyanitsa bwinobwino Mulanje wa m'chilimwe ndi wa m'dzinja. Ng'amba ikagwira mu Febuluwale, kuwalako kumatha kuyamba kuzilala masamba asanasinthe mtundu, mwini munda akadali pamsika kudzitama kuti chaka chino nkhokwe ichepa.