Amayi, ine ndimagulitsa maola

Nditatsika Ilala n'kufika kwathu ku Mbungo, amayi sanadikire n'komwe kuti ndisambe. "Kodi iwe, ku Joni kuja umagulitsa chiyani kwenikweni?" Iwo moyo wawo wonse agulitsa usipa, ndiye ntchito yopanda dengu saimvetsa.

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaikulu ya zamakompyuta ku Johannesburg. Mabanki ndi migodi amatichita hayala kuti tikawakonzere mapulogalamu a malipiro ndi maakaunti. Lachisanu lililonse ndimadzaza timesheet: maola angati, kwa kasitomala uti. Kampani imalipiritsa kasitomalayo pa ola. Ola lomwe palibe wolipira, ngakhale utuluke thukuta bwanji, silioneka.

Ndalama zilipo, ndisaname, ndipo umaphunzira msanga. Koma choopsa, chomwe ku MUBAS sanatiuze, ndi benchi. Pulojekiti ikatha ina isanapezeke, amati uli pa benchi. Malipiro amabwera ndithu, koma mabwana amakhala akuwerenga masabata. Chaka chatha ndinakhalapo masabata 6. Tulo sindinkatiwona. Chilolezo changa chogwirira ntchito kumeneko chimadalira ntchitoyi, fizi ya mng'ono wanga imayang'ananso ine. Ndinkangoyenda m'maofesi kupatsa moni mamanejala, kuti mwina wina andikumbukira posankha anthu.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka. "Ndiye ndiwe mlovi basi, mwanawe. Bwato ndi la eni, ukonde wa eni, iwe umangodikira akuitane."

Ndinafuna kutsutsa, foni n'kulira. Anali manejala, kufunsa ngati pachilumba pano netiweki ikugwira.