Masipika a m'zipinda zingapo: musanalipire, yambani mwaona rauta

Eni nyumba zikuluzikulu, maloji ndi malo odyera akufuna kuti nyimbo imodzi izimveka pabalaza, pakhonde ndi kukhitchini nthawi imodzi popanda kuboola makoma ndi kuyala mawaya. Zipangizo zake zilipo, koma ndalama zimalowa m'madzi wogula akatenga masipika awiri kapena atatu m'sitolo, n'kukapeza kunyumba kuti sakumvana.

Vuto limayambira pa mawu oti "opanda mawaya", omwe ogulitsa amanenera zinthu ziwiri zosiyana. Sipika ya Bluetooth, yomwe yadzaza m'misika, imalandira nyimbo kuchokera pafoni pa mtunda wa mamita pafupifupi 10, ndipo khoma la njerwa limafupikitsanso mtundawo. Foni ikaitana nyimbo imaduka. Mwini foni akatuluka, nyimbo imapita naye. Sipika ya Wi-Fi ndi ina: imalumikizidwa ku rauta ya m'nyumba, ndipo nthawi zambiri imadzitengera yokha nyimbo pa intaneti, foni n'kungokhala ngati rimoti. Iyi ndiyo imakwanitsa zipinda zingapo, ndipo ndiyo yokwera mtengo.

Komabe masipika a Wi-Fi ali ndi mabanja awo. A Sonos amayenda ndi pulogalamu yawoyawo, a Amazon Echo amagwirizana okhaokha, pomwe ena amatsata Google Cast. Njira ya AirPlay 2, yomwe Apple inatulutsa mu 2018, imalola kuphatikiza masipika a makampani osiyana, koma imafuna iPhone kapena chipangizo china cha Apple. Wa foni ya Android asataye ndalama pa chifukwa chimenecho. Ngakhale dzina limodzi silitsimikiza kanthu. Mu 2020 Sonos inagawa pulogalamu yake pawiri, S1 ndi S2, ndipo zakale monga Play:5 yoyambirira zinatsalira pa S1, kotero siziimba pamodzi ndi zatsopano zomwe zimafuna S2. Pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera ku UK kapena ku South Africa, mtengo wotsika nthawi zina umabisa nkhani imeneyi.

Kulumikiza kwenikweni n'kosavuta. Wogula amaika pulogalamu ya kampaniyo pafoni, amayatsa sipika imodzi, amaipatsa dzina la chipinda ndi pasiwedi ya Wi-Fi, kenako n'kuchita chimodzimodzi ndi zinazo, imodziimodzi. Chofunika n'chakuti foni ndi masipika onse akhale pa netiweki imodzi. Maloji ambiri amakodwa apa: netiweki ya alendo kawirikawiri imatchinga zipangizo kuti zisaonane, choncho sipika yoikidwa pamenepo foni siipeza ngakhale magetsi ake akuyaka bwinobwino.

Rauta zambiri zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma imafooka msanga ikakumana ndi makoma, pomwe ya 2.4 GHz imafika patali, ndipo nyimbo sizifuna liwiro lambiri. Rauta ikhale pakati pa nyumba, pamalo okwera, osati m'kabati kuseri kwa wailesi yakanema. Nyimbo ikamadukaduka m'chipinda chakutali, kusuntha rauta kumathandiza kuposa kugula sipika ina. Amene amadalira MiFi akumbukire kuti kachipangizoka kali ndi malire a zipangizo zomwe kangalandire, komanso kuti akakatenga kupita nako kuntchito nyumba yonse imakhala zii.

Mtengo wina umabwera mwezi ndi mwezi, pa bandulo. Nyimbo yoyenda pa 160 kbps imadya pafupifupi 72 MB pa ola. Malo odyera oimba maola 10 tsiku lililonse amatha kupitirira 21 GB pa masiku 30, ndipo pa 320 kbps chiwerengerocho chimawirikiza kawiri. Pa Sonos, masipika oimba nyimbo imodzi pagulu amaikoka kamodzi n'kugawana. Chipinda chilichonse chikasankha yakeyake, bandulo imathanso mofulumira motero.

Nanga magetsi? Kupatula za batire, sipika iliyonse imafunabe soketi yake. Kuno magetsi ndi a 230V, choncho katundu wochokera ku America awerengedwe kaye pansi pake ngati palembedwa 100–240V. Pulagi ya ku UK imalowa m'masoketi athu, ya ku South Africa imafuna adaputala. Magetsi akathima n'kubwerera, rauta imachedwa kudzuka kuposa masipika, ndipo nthawi zina pamafunika kuwazimitsa ndi kuwayatsanso rauta itakhazikika. Kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'kotchipa poyerekeza ndi sipika imodzi yopsa.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, wogulitsa aifufute ibwerere mmene inachokera kufakitale ndipo aichotse pa akaunti yake wogula akuona. Echo yomangika pa akaunti ya munthu wina imatha kukana mwini watsopano. Wogula apemphenso kuti masipika awiri aimbe limodzi pomwepo, ndalama isanatuluke m'thumba. A maloji ndi malo odyera awonjezere pa bajeti chiphaso cha bungwe la COSOMA, chomwe chimafunika poimba nyimbo pamalo a bizinesi, ndipo adziwe kuti akaunti wamba ya Spotify ndi yomvera munthu payekha, osati yosangalatsira makasitomala.