Rada ikuwerenga timiyala tomwe maso sationa

Mu Ogasiti 1993, setilaiti yotchedwa Olympus, ya bungwe la European Space Agency, idasokonekera mwadzidzidzi n'kuyamba kuzungulira mosalamulirika. Akatswiri omwe ankaiyendetsa ali pansi pano adalimbana nayo mpaka kuikhazika, koma pofika pamenepo n'kuti mafuta atatsala pang'ono kutheratu, ndipo ntchito yake idathera pomwepo. Usiku womwe vutoli lidayamba, dziko lathu linkadutsa m'fumbi lomwe nyenyezi yamchira ya Swift-Tuttle imasiya m'njira yake. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti kamwala kamodzi ka m'fumbi limeneli ndiko kadapha chipangizo chodulacho.

Timiyala totere n'tomwe timaona usiku ngati nyenyezi yothothoka. Tambiri n'tochepa ngati mchenga, tina n'tochepa kuposa pamenepo. Mphamvu yake ili paliwiro. Timalowa mumpweya wokuta dziko pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi. Ta Swift-Tuttle timathamanga makilomita 59 pa sekondi, kutanthauza kuti mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre tingaudule m'masekondi asanu okha. Ife pansi pano sitidandaula chifukwa timiyalati timapsera kumwamba, makilomita 80 mpaka 120 kuchokera pansi. Setilaiti ilibe chofunda chotero. Ndipo ndi zipangizo zomwezi zimene zimatumiza zithunzi za mitambo kwa a zanyengo namondwe akamayandikira, zimabweretsa mpira pa DStv, komanso zimauza foni malo omwe munthu ali.

Wopanga setilaiti amafuna kudziwa zinthu zitatu asanadule chitsulo: timiyalati tidzaimenya kangati, tidzachokera mbali iti, nanga pa liwiro lanji. Maso sangayankhe. Masana sitioneka, kukachita mitambo sitioneka, ndipo tochepetsetsa sitiwala n'komwe.

Yankho lidachokera kunkhondo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, James Stanley Hey ndi anzake ku Britain ankagwiritsa ntchito rada pofufuza mizinga ya V-2, ndipo adaona kuti makinawo ankalandira zizindikiro zina zachidule ngakhale kulibe mzinga. Nkhondo itatha adatsimikiza kuti zambiri mwa izo zinkachokera ku nyenyezi zothothoka. Bernard Lovell adatengera zida zotsala kunkhondo kumunda wa Jodrell Bank, kufupi ndi Manchester, ndipo mu 1947 gulu lake lidapeza kuti pali magulu akuluakulu a timiyalati omwe amagwa dzuwa likuswa mtengo, monga la Arietids la mwezi wa Juni, omwe anthu sankawadziwa chilengedwere.

Rada siona kamwala kenikeniko. Kamwala kakamapsa, kamasiya mzere wautali wa mpweya wodzadza ndi ma elekitironi omasuka. Mlongoti wotumiza umaponya mafunde a wailesi kumwamba kambirimbiri pa sekondi, ndipo mafundewo akagunda mzerewo amabwerera. Pakompyuta chizindikiro chimatumphuka mwadzidzidzi kenaka n'kuzilala sekondi isanathe, chifukwa ma elekitironi aja amabalalika msanga. Kanthawi kochepako n'kokwanira. Nthawi yomwe mafunde atenga kupita ndi kubwera imaulula mtunda. Kusiyana kwa momwe afikira pa milongoti yolandira yoyandikana kumaulula mbali ya thambo. Pakakhalanso malo ena olandirira pamtunda wa makilomita angapo, chizindikiro chimafika pa malo aliwonse pa nthawi yakeyake, ndipo kusiyana kwa tizigawo ta sekondi kumapereka liwiro ndi kolowera. Apo masamu amabwerera m'mbuyo mpaka kupeza njira yomwe kamwalako kankayenda pozungulira dzuwa kasanakumane nafe.

Pafupi ndi tauni yaing'ono ya Tavistock m'chigawo cha Ontario ku Canada pali rada yotchedwa CMOR, yomwe akatswiri a University of Western Ontario, monga Peter Brown ndi Margaret Campbell-Brown, amagwiritsa ntchito. Kuyambira mu 2002 yakhala ikuyeza njira za timiyala masauzande angapo tsiku lililonse, usana ndi usiku, mvula kapena chipale, ndipo chiwerengero chonse chidapitirira kale mamiliyoni. Pa 8 Okutobala 2012 idalandira chigumula cha zizindikiro kuchokera ku gulu la Draconids, pomwe oyang'ana ndi maso adaona zochepa kwambiri. Timiyala ta tsikulo tidali tating'ono zedi.

Chimene kuwerenga kwa zaka zambiri kwaonetsa n'chosiyana ndi zomwe timamva pawailesi. Magulu otchuka obwera pa nyengo yake, monga Perseids mu Ogasiti ndi Geminids mu Disembala, ndi gawo laling'ono chabe la chiopsezo. Gawo lalikulu ndi fumbi la tsiku ndi tsiku lopanda kalendala, lomwe lidasiyana kalekale ndi nyenyezi zamchira zomwe zidalibereka. Fumbili silibwera mofanana mbali zonse. Rada imaonetsa madera asanu ndi limodzi a thambo omwe limachokera kwambiri: lina pafupi ndi dzuwa, lina mbali yoyang'anana ndi dzuwa, awiri kutsogolo komwe dziko likulowera, ndi ena awiri m'mwamba ndi m'munsi mwa njira ya dziko. N'chifukwa chake zizindikiro zimachuluka m'bandakucha n'kuchepa madzulo. M'mawa mbali yathu ya dziko ndiyo imakhala kutsogolo kwa ulendo, monga momwe ngumbi zimaphwanyikira pagalasi lakutsogolo la minibasi mvula yoyamba ikagwa, lakumbuyo lili loyera.

Pamenepa m'pomwe pali ntchito yovuta, ndipo m'pomwe ine ndimawapatsira ulemu anthuwa. Kuwerenga zizindikiro si kuwerenga timiyala. Kamwala kothamanga kwambiri kamatulutsa ma elekitironi ochuluka kuposa kanzake kolemera mofanana koma koyenda pang'onopang'ono, choncho rada imakondera othamanga. Komanso kothamanga mopitirira kamapsera m'mwamba kwambiri, komwe mpweya ndi wochepa ndipo mzere umatambasuka msanga, moti mafunde obwerera amafafanizana okha n'kusowa. Rada imaphonya mbali zonse ziwiri, ndipo mosiyana. Munthu akangotenga manambala osawakonza, adzauza injiniya kuti atchinge mbali yolakwika. Kukonzako kumafuna kuyerekeza ndi zida zina: makamera, rada zamphamvu monga ya Jicamarca ku Peru yomwe imaona mpweya wotentha wozinga kamwala kenikeniko, komanso zitsulo zomwe zidakhalako m'mlengalenga. Chipangizo cha LDEF chidakhala kumeneko kuyambira 1984 mpaka 1990, ndipo chitabwezedwa pansi akatswiri adawerenga timaenje take kamodzikamodzi.

Ngakhale zili choncho, kuchuluka kwa fumbi logwera dziko tsiku lililonse kudakali pamkangano. Ziwerengero zofalitsidwa zimayambira pa matani 5 kufika pa matani 270. Kusiyana kotereku kukusonyeza kukula kwa ntchito yomwe yatsala.

Manambala okonzedwa aja amakathera ku ofesi ya NASA yoona za timiyalati ku Huntsville, Alabama, yomwe idakhazikitsidwa mu 2004. Kumeneko adapanga pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa MEM. Injiniya amaipatsa njira yomwe chombo chake chidzayende, iyo n'kumuuza kuchuluka, liwiro ndi mbali yomwe timiyala tidzachokere. Akatero amadziwa poika chishango, chomwe nthawi zambiri chimatsata nzeru ya Fred Whipple ya mu 1947: kachitsulo kopyapyala kutsogolo koti kamwala kasweke, mpata pakati, khoma lenileni kumbuyo. Galasi la telesikopu silingatchingidwe choncho. Mu Meyi 2022 kamwala kadamenya limodzi mwa magalasi 18 a telesikopu ya James Webb, n'kusiya chilema chosakonzeka. Kuyambira pamenepo oyendetsa telesikopuyi amayesetsa kuti isamayang'ane nthawi yaitali kutsogolo komwe ikulowera.

Chodandaulitsa n'choti rada ya ku Canada siona bwino thambo lakummwera, lomwe ndi thambo lathu. Ntchito imeneyi idagwiridwapo ndi AMOR pafupi ndi Christchurch ku New Zealand m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 2008 ikugwiridwa ndi SAAMER ku Rio Grande, kunsonga ya Argentina. Pakati pa malo awiriwa pali Africa yense. Rada yotereyi siifuna mbale yaikulu ngati ya telesikopu ya Arecibo yomwe idagwa mu 2020. Imafuna munda wotakasuka, milongoti ingapo, magetsi osazimazima ndi anthu odziwa masamu, ndipo imayezanso mphepo za m'mwamba kwambiri poona momwe mizere ija ikukankhidwira. Masukulu athu aukachenjede omwe amaphunzitsa fizikisi ayenera kuiganizira mofatsa nkhaniyi.