Nsomba zokwera mitsinje ndi lamulo lotseka usodzi

Mvula ikakhazikika, madzi n'kuyamba kufiira pamalo pomwe mitsinje imathira m'nyanja ya Malawi, nsomba zina zimatembenuka n'kuyamba kukwera mitsinjeyo. Mpasa, sanjika, ntchila, kadyakolo ndi ngumbo zimakulira m'nyanja koma zimakaswana kumtsinje. Pa ulendo umenewu ndi pomwe zimagwidwa mosavuta kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ndi pomwenso malamulo a usodzi amavuta kwambiri kuwasunga.

Mtsinje ndi wosiyana ndi nyanja

Panyanja nsomba ili ndi kothawira. Chilimira ikadutsa pano, gulu lina la utaka lili kutali kuseri kwa chilumba. Mumtsinje mulibe mwayi wotero. Mpasa yonse yomwe ikufuna kukaikira mazira m'Bua iyenera kudutsa pakhomo limodzi, ndipo anthu asanu okhala ndi ukonde umodzi akhoza kulitseka khomolo usiku umodzi wokha. Zomwe amakolazo ndi nsomba zazikulu zokhazokha, zodzaza mazira, zomwe zatenga zaka kuti zifike msinkhu woswana. Kuzipha zisanaikire n'chimodzimodzi kukazinga chimanga chomwe unasungira kubzala.

Mpasa sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake, monga Bua, North Rukuru, Songwe, Dwangwa ndi Linthipe. Imaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera, othamanga. Ana ake amayamba akulira mumtsinje momwemo asanatsikire kunyanja. Choncho mtsinje umodzi ukawonongeka, si asodzi a pamtsinjepo okha omwe amamva kuwawa. Ngakhale woponya matchera kutali pakati pa nyanja amaona kuti mpasa yasowa.

Zomwe zinachitikira ntchila

Achikulire a ku Mangochi ndi Nkhotakota amakumbukira nthawi yomwe ntchila inali nsomba wamba. M'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zomwe zinkagwidwa zambiri zedi pamalonda, pambuyo pa chambo. Pofika m'ma 1960 ndi m'ma 1970 inali itachepa kwambiri, ndipo mpaka lero sinabwerere mwakale. Achinyamata ambiri ogulitsa nsomba mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe sangaizindikire ataiona. Ntchila inkakwera mitsinje mwaunyinji madzi oyamba akasefukira, ndipo anthu ankaitchingira panjira ndi maukonde komanso mono. Pamwamba pa izo, mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje itatha, dothi linayamba kukwirira malo ake oswanirana. Nkhani ya ntchila ndiyo imachititsa akatswiri kuda nkhawa akamaona mpasa ikuchepa.

Lamulo limati chiyani

Usodzi m'Malawi umayendetsedwa ndi lamulo la mu 1997 loteteza ndi kusamalira nsomba, Fisheries Conservation and Management Act, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono omwe anatuluka pambuyo pake. Nthambi ya boma yoona za usodzi ndiyo imapereka ziphaso ndi kulengeza nyengo yotseka. Panyanja ya Malawi, makoka a m'mphepete amaletsedwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala, nthawi yomwe chambo chimaswana m'madzi osaya. Nyanja za Malombe ndi Chilwa zili ndi masiku akeake.

Palinso zoletsedwa chaka chonse. Kuthira mankhwala m'madzi, kaya ndi katupe kapena mankhwala a kumunda, ndi mlandu. Kuphulitsa mabomba ndi mlandu. Kukoka ndi neti yogonamo popewa udzudzu ndi mlandu, ngakhale kuti ndi maneti omwewa omwe adzaza m'madambo ndi m'timitsinje. Chambo chosafika masentimita 15 ndi mpasa yosafika masentimita 30 siziloledwa kugwidwa. Wopezeka akuphwanya malamulowa amalandidwa zida, ndipo akhoza kulipitsidwa kapena kutengeredwa kukhoti.

Koma taonani pomwe pali mpata. Miyezi ya Novembala ndi Disembala inasankhidwa poganizira chambo cha m'nyanja. Mpasa imayamba kukwera nthawi ya dzinja ndipo imapitiriza kuswana mvula itasiya kale, madzi atayera. Munthu yemwe wamva pawailesi kuti nyanja yatsegulidwa mu Januwale amangoti basi zonse zaloledwa, pomwe kumtsinje nyengo yoopsa ikungoyamba kumene. Uthenga wa nyengo yotseka umanenedwa ngati kuti nsomba zonse zimaswana pamodzi, ndipo pamenepa ine ndimaona kuti ofalitsa uthengawo amalakwitsa.

Mmene ozembera amagwirira ntchito

Njira yakale ndi biyo, mpanda wa mitengo ndi bango womangidwa modutsa mtsinje, wokhala ndi mono m'mipata yake. Biyo palokha si choipa. Makolo ankasiya mpata kuti nsomba zina zidutse, ndipo mfumu inkaonetsetsa kuti mpatawo ulipo, chifukwa mudzi wa kumtunda nawonso unkafuna ndiwo. Vuto limabwera biyo likatseka kuchoka tsidya lino kufika tsidya lija.

Lero kwabwera matchera a ulusi wa pulasitiki woonekera, otsika mtengo, omwe nsomba siiwaona m'madzi. Amatchera kukada n'kuonjola kusanache. Akang'ambika amangowasiya momwemo, ndipo sawola msanga, amapitiriza kukola nsomba popanda wodzaonjola. Choipitsitsa ndi katupe m'chilimwe. Madzi akaphwera, nsomba zimaunjikana m'maiwe, ndipo wothira mankhwala amapha zonse, zazikulu ndi tiana ta mpasa tomwe timayembekezera mvula kuti titsikire kunyanja. Amatola zomwe angathe kunyamula, zotsalazo zimaolera pompo.

Tisanamizane kuti onsewa ndi mbava zouma mtima. Nyengo yotseka imagwera m'miyezi yomwe nkhokwe zatha ndipo ya feteleza ikufunika. Komabe pambuyo pa msodzi wosauka nthawi zambiri pamakhala wamalonda yemwe anamugulira ukondewo ndipo akudikirira pamsewu wa M5. Msodzi uja akagwidwa, wamalondayo amangogula ukonde wina n'kupatsa mnyamata wina.

Bua: mkati mwa nkhalango ndi kunja kwake

Bua imachokera kumbali ya Mchinji, imadutsa m'minda ya fodya ndi chimanga ya m'chigawo chapakati, kenako imalowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota isanathire m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015. Anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha njovu pafupifupi 500 zomwe zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, koma kwa mpasa phindu lake ndi lina: mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje idakalipo, ndipo alonda amayendera maiwe.

Kuti ifike m'malo otetezedwawo, mpasa iyenera kuyamba yadutsa chigawo cha kumunsi, pakati pa nyanja ndi malire a nkhalango, komwe kuli midzi ndi minda ya mpunga. Mlonda wa m'nkhalango alibe mphamvu kumeneko. Ndiponso matope ochokera kumtunda, komwe anthu alima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, sayima pampanda wa waya wa nkhalangoyo. Akakwirira timiyala tija, mazira amafa ngakhale pasakhale wozembera ndi mmodzi yemwe.

Owedza ndi mbedza pongosangalala

Alipo ena omwe amawedza osati chifukwa cha ndiwo. Pa mapiri a Zomba ndi Nyika pali nsomba ya trout yomwe atsamunda anabwera nayo, ndipo kuiwedza kumafuna chilolezo, nyengo yake ndi nyambo yovomerezeka. Ku Bua, owedza mpasa mwa masewera amaibweza m'madzi akaikola. Malamulo awo savuta kusunga chifukwa anthuwo ndi ochepa ndipo amalowera pachipata. Chovuta n'kufotokozera munthu wa m'mudzi chifukwa chomwe mlendo akuloledwa kuponya mbedza pamalo pomwe iye angamangidwe. Ngati ndalama ya chilolezocho sioneka m'mudzimo, kufotokozako sikumveka.

Ndani amasunga lamulo

Alangizi a usodzi ndi ochepa, ndipo boti lopanda mafuta siligwira munthu. N'chifukwa chake mu 1993, chambo chitatha mochititsa mantha m'nyanja ya Malombe, boma linayamba kukhazikitsa makomiti a m'madooko, omwe anthu amangowatchula kuti ma BVC. Lamulo la mu 1997 linawapatsa maziko, ndipo m'maboma ena makhonsolo anakhazikitsa malamulo awoawo olola makomitiwa kulanda zida zoletsedwa. Ku Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa lathandiza kukhazikitsa makomiti otere. Zotsatira zake n'zosiyanasiyana. Pomwe mfumu ili mbali ya komiti, maneti a udzudzu amatenthedwa anthu akuona. Pomwe mfumu imalandira kangachepe kuchokera kwa eni makoka, komiti imangokhala dzina. Ndipo n'kovuta kulanda ukonde wa mlamu wako mawa n'kukakumana naye pamaliro.

Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo ndi mwambo. Nthawi yotsekayo palibe wotsala pachilumbapo, ndipo ngakhale chitatsegulidwa mowa, juga ndi chamba siziloledwa. Wolakwa amathamangitsidwa. Zimatheka chifukwa Mbenji ndi malo amodzi, a mfumu imodzi, ndipo omwe apirira miyezi inayi ndi omwewo amadzakolola utaka.

Mtsinje ulibe mwayi umenewo. Bua imadutsa m'maboma angapo ndi m'madera a mafumu ambiri. Mudzi wa kumunsi ukasiya mpata pabiyo, odya mpasayo ndi a kumtunda kapena a panyanja. Wa ku Kasungu akasiya kulima m'mphepete mwa madzi, wopindula ndi msodzi wa ku Nkhotakota yemwe sadzamuonapo. Makomiti ambiri anapangidwira dooko limodzi, ndipo mphamvu zawo zimathera pamalire a mudzi, pomwe mpasa imapitirira ulendo wake kulowa m'dera la mfumu ina.